Ana a kwa Mphuka akuseka, koma box office siwamva

Inu anthu a mu Lusaka muli ndi kachizolowezi kamene kamandiseketsa. Filimu ya katuni ikangotuluka, musanaione n'komwe, mwayamba kale kukangana pa gulu la WhatsApp ngati ipanga ndalama kapena igwa. Uyu watumiza nambala ya madola imene waitola pa intaneti. Uyo ati, "Iyi yafa kudala, mwana wanga anagona pakati." Wachitatu, uja amadziwa zonse nthawi zonse, ati dikirani masukulu atseke muone. Mkangano wake ngwokoma, sindikana. Koma nambala imene mukulimbiranayo ili ndi anthu ambiri amene siwadziwa, ndipo ena mwa iwo amaonera makatuni mwakhama kuposa ana anu a ku Kabulonga ndi ku Chalala.

Kuti muwapeze, tengani Great East Road, mudutse Chongwe ndi Rufunsa, mpaka mufike pa Luangwa Bridge paja amai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Musaoloke mlatho. Khotani kumanja, mutsate mtsinje kutsikira kum'mwera, njira yopita ku Feira kumene Luangwa amathira mu Zambezi. Kumeneko ndi kwa Mfumu Mphuka, dziko la Achikunda. Tsidya la Luangwa ndi Zumbo ku Mozambique, tsidya la Zambezi ndi Kanyemba ku Zimbabwe. Kuchokera kuno ku tauni mpaka ku Feira ndi makilomita opitirira 300, ndipo holo ya sinema kulibe. Wofuna mpando wofewa, mdima wozizira ndi popcorn ayenera kubwera ku ma mall, ku Manda Hill kapena kwina kotere, ndipo ndalama ya basi yokha, kupita ndi kubwerera, ndi nkhani yokhalira pansi banja lonse.

Manje tiyambe ndi mawu awa akuti box office, chifukwa ambiri timangowatchula. Kale ankatanthauza kachipinda kaja ka zenera pakhomo pa holo, kogulitsiramo matikiti. Lero amatanthauza ndalama zonse za matikiti amene anthu agula kuti aone filimu inayake m'maholo a sinema. Matikiti chabe. Mukaionera pa DStv, pa Netflix kapena pa foni ya mlamu wanu, mu nambala imeneyo mulibemo.

Ndipo ndalamazo sizipita zonse kwa amene anapanga filimu. Pafupifupi theka limatsala kwa eni maholo, chifukwa iwonso ali ndi lendi, magetsi ndi antchito. Theka linalo limapita kwa kampani yofalitsa filimuyo, imene imayamba yachotsapo zimene inawononga potsatsa malonda. N'chifukwa chake anthu a bizinesi imeneyi amati filimu ibweze kawiri, mwinanso kawiri ndi theka, ndalama imene anaipangira, ndiye angayambe kukamba za phindu. Mukamva kuti filimu yapanga madola 100 miliyoni musaombe m'manja msanga. Funsani kaye kuti anaipanga ndi zingati.

Amene amalosera zimenezi amayang'ana kwambiri masiku atatu oyamba, Lachisanu mpaka Lamlungu. Pa mafilimu a nkhondo ndi a zigawenga zouluka, masiku amenewa amanena zoona, popeza achinyamata amathamangira tsiku loyamba kuopa kuti anzawo awauziratu mathero. Koma katuni ya banja ili ndi kayendedwe kake. Kholo silithamanga. Limadikira malipiro, limadikira kuti mnzake wa ku tchalitchi anene ngati mulibe zolaula, limadikira Loweruka lopanda maliro kapena kitchen party. Likapita, silipita lokha: mwana mmodzi amakoka matikiti atatu kapena anayi, ndipo akaikonda amalira kuti abwerereko. Onani Elemental ya Pixar mu 2023. Masiku oyamba ku America inapanga madola osafika 30 miliyoni, anthu n'kuiimbira nyimbo za maliro, koma inangoyenda pang'onopang'ono mpaka kuyandikira 500 miliyoni pa dziko lonse. Mufasa: The Lion King, imene inatuluka mu December 2024, inayamba ndi madola 35 miliyoni ku America, kumbuyo kwa Sonic the Hedgehog 3. Aja a pa WhatsApp anati mkango wagwa. Pomaliza mkango unapitirira 700 miliyoni, n'kumusiya Sonic kutali. Choncho pa katuni ya banja, mawu a amai otuluka mu holo atagwira ana m'manja ndi olemera kuposa nambala ya Lolemba loyamba.

Palinso nkhani ya kalendala imene ife timaiwala. Makatuni aakulu ambiri amawatulutsa mu June ndi July chifukwa ndi pamene ana a ku America ali pa holide. Inside Out 2, imene inapanga pafupifupi madola 1.7 biliyoni, inatuluka mu June 2024, ife ana athu ali pakati pa temu yachiwiri, akunjenjemera ndi mphepo pa asembule. Maholide athu ndi April, August ndi December. Amene anakonza tsiku lotulutsira filimuyo sanatiganizire, ndipo sindiwadzudzula: maholo athu onse a sinema mu Zambia mungawawerenge ndi zala osafika ku zakuphazi.

Tsopano bwererani nane ku mtsinje, chifukwa pali filimu imodzi imene nkhani yake imandikhudza kuposa zonsezi. Mu 2012 kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inatulutsa katuni yake yoyamba yaitali, Adventures in Zambezia, yotsogoleredwa ndi Wayne Thornley. Ndi nkhani ya kabawi wamng'ono dzina lake Kai, amene watopa kukhala yekha ndi atate ake okhwima, n'kuthawira ku mzinda wa mbalame womangidwa mu mlambe waukulu pamphepete pa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mdani wake ndi ng'azi yaikulu yotchedwa Budzo, imene yapangana ndi mbalame zija zadazi zodya zakufa kuti zikabe mazira. Mawu a atate a Kai, a Tendai, anawalankhula Samuel L. Jackson, a nkhalamba yanzeru Sekhuru anawalankhula Leonard Nimoy, munalinso Jeff Goldblum ndi Abigail Breslin. Filimuyi inapanga madola opitirira 30 miliyoni, ndalama yaikulu kwambiri kwa katuni yopangidwa mu Africa, ndipo yochuluka inachokera kunja kwa Africa. Ana a ku Ulaya ndi ku Asia analipira kuti aone Zambezi. Ana a m'mbali mwa Zambezi mwiniwakeyo analibe zenera logulirapo tikiti.

Koma musaganize kuti mafilimu otere safika. Amafika, kungoti njira yake ndi ina. Amakwera basi mu thumba la mnyamata wochokera ku tauni, pa flash kapena pa memory card, n'kuyamba kudumpha kuchoka pa foni iyi kupita pa iyo. Kenako amagwera m'manja mwa munthu amene ine ndimamutcha nduna ya zosangalatsa ya pa msika: mnyamata wa video show. Mumamudziwa, ngakhale amene munakulira mu Chawama kapena mu Kanyama munakhalapo pa mabenchi ake. Kanyumba ka mdima, TV pamwamba pa tebulo, sipika yolira mpaka kumsewu, batire ndi sola kapena kajenereta kumbuyo, nsalu pakhomo, ndi chitini cha makobidi pamiyendo pake. Usiku ndi wa akuluakulu, mpira ndi mafilimu a karate. Masana a Loweruka, ndi masiku onse a holide, ndi a ana.

Mnyamata ameneyu alibe kompyuta yowerengera anthu, koma kayezedwe kake ka filimu ndimakakhulupirira kuposa nyenyezi zija za pa intaneti. Amayang'ana zinthu zitatu. Choyamba, ana angati atuluka kukakodza pakati pa filimu, chifukwa mwana amene yamugwira amapirira mpaka kumapeto. Chachiwiri, phokoso: ngati akukuwa kuchenjeza munthu wa mu TV kuti "Kumbuyo kwako iwe!", ndiye kuti zili bwino, ngati ayamba kutsinana ndi kulimbirana malo pa benchi, yagwa. Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi mawa lake. Akabwera omwewo ndi makobidi ena, atakokanso ang'ono awo, n'kunena kuti "Tiikireni ija ya mbalame," ndiye kuti filimu ili ndi miyendo. N'chimodzimodzi chimene chinapulumutsa Elemental ndi Mufasa, kungoti kuno chimachitikira mu chitini.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi chakuti mwana wa kwa Mphuka saonera Zambezia ngati mmene amaonera mwana wa ku Woodlands. Wa ku Woodlands amaona chibuluzi choopsa. Wa kumtsinje amaona ng'azi, ndipo amaidziwa bwino: ndi ija imamaliza mazira a nkhuku za ambuya ake, imafukulanso ndi a ng'ona omwe pamchenga. Simufunika kumufotokozera chifukwa chake mbalame zikuiopa. Iye wakwiya kale filimu isanafike pakati. Mlambe kwa iye si mtengo wa m'nthano, malambe ake amadya. Dzina loti Sekhuru likamveka, akulu amene aima pakhomo amamwetulira, popeza tsidya la ku Kanyemba sekuru ndi agogo aamuna kapena malume, ndipo Tendai ndi dzina la anthu amene amakumana nawo pa bwato. Ndiye pamabwera kutsutsa. Asodzi sachedwa kuona bodza pa nkhani ya madzi ndi mbalame. Mudzamva mdala wina, amene anangobwera kudzatenga mdzukulu wake n'kukhalirira, akuti, "Ah, imwe, mbalame izi kukhala pamodzi? Iyo ingadye inzake." Ana n'kumuletsa kuti akhale chete. Iye n'kukhala chete, koma osachoka.

Chizungu cha mufilimumo, chothamanga ndi cha m'mphuno cha ku America, ana ambiri sachimva. Sichiwaletsa. Katuni yabwino imamveka ndi maso: wagwa, wathawa, wanama, wachita manyazi. Pamene nkhani yapindika, pamapezeka mnyamata wa giredi 7 amene waionapo kasanu, amene amamasulira mokweza, n'kuwonjezamo zake zimene olemba filimu sanaziganizepo. Ku Malawi ntchito imeneyi inasanduka bizinesi, anyamata amalowetsa mawu a Chichewa pamwamba pa mafilimu a ku China, ku India ndi ku America, ndipo makope ake amaoloka malire kufika kuno. Ku Uganda kuli VJ Junior, ku Kenya kuli DJ Afro, anthu otchuka kuposa ena mwa osewera m'mafilimu amene amawamasulira. Disney yokha inazindikira zimenezi kale pamene inamasulira The Lion King ya 1994 mu Chizulu. Koma Chinyanja, chimene chimamveka kuyambira mu Lusaka mpaka ku Tete ndi ku Lilongwe, makampani aakuluwa amachilambalala.

Apa wina anena kuti zonsezi ndi kuba, ndipo sakunama. Kope ya pa flash silipira amene anajambula. Ndipo kujambula katuni si masewera: sekondi imodzi imadya zithunzi 24, kutanthauza kuti filimu ya mphindi 90 ili ndi zithunzi 129,600, chilichonse chofuna kuunika kwake, mthunzi wake, nthenga iliyonse pamalo pake. Anthu mazana amakhala zaka akugwira ntchito imeneyo. Koma funso limene ine ndimafunsa ndi lakuti, ndani anapitako kwa Mphuka kukagulitsa filimuyo mwalamulo, pa mtengo umene amai ogulitsa masau angakwanitse, iwo n'kukana? Makobidi aja a mu chitini ndi umboni woti anthu amalipira. Amalipira amene wawabweretsera.

Nkhani imeneyi inafika pakhomo pathu penipeni pa 20 July 2023, tsiku limene Netflix inatulutsa Supa Team 4. Iyi si filimu ya ku sinema, ndi katuni ya zigawozigawo, koma ndi yathu kuposa ina iliyonse. Anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema, mtsikana wa ku Zambia, amene anali mmodzi mwa opambana pa mpikisano wa olemba nkhani wa Triggerfish Story Lab mu 2015. Netflix inalengeza za katuniyi mu 2019, nthawi imeneyo ikutchedwa Mama K's Team 4. Werengani nokha: kuchoka 2015 kufika 2023 ndi zaka 8. Atsikana anayi a sukulu, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, akupulumutsa Lusaka wa m'tsogolo motsogoleredwa ndi Mama K, mayi wachikulire amene kale anali kazitape. Olemba ake onse anali akazi a mu Africa, maonekedwe a anthu ake anawajambula Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba Sampa the Great. Mdani wamkulu dzina lake Magedzee. Mwana wa ku London amangoti ndi dzina. Ife timaseka tisanamuone n'komwe, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba n'kutisiya mu mdima maola ambirimbiri pa tsiku, nthabwala imeneyo inasiya kuseketsa.

Mu tauni munasangalala, ndipo munayenera. Pa Facebook panadzaza makolo onena kuti mwana wawo wamkazi waona munthu wa tsitsi ngati lake akuuluka. Koma taganizirani zimene zimafunika kuti muione mwalamulo: foni kapena TV yamakono, netiweki yosadukaduka, bandulo yokwanira mavidiyo, ndi njira yolipirira Netflix mwezi ndi mwezi. Netflix inafika mu Zambia mu January 2016, koma kufika mu dziko ndi kufika pa mudzi ndi zinthu ziwiri. Ndipo Netflix ilibe box office. Imayang'ana maola amene anthu aonera pa akaunti zolipira, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 imafalitsa ziwerengero zimenezi. Ana makumi atatu odzazana mu video show, ngakhale ataiona kakhumi, sawonjezera mphindi ngakhale imodzi pa chiwerengero chimenecho. Apa ndiye pali ngozi yake. Akuluakulu okhala ku Los Angeles akafuna kugamula ngati aikenso ndalama pa nkhani ina ya ku Zambia, amatsegula nambala. Nambala ikakhala chete, iwo amamva ngati anthu sanaikonde, chonsecho kwa Mphuka ana akusewera Temwe ndi Zee pabwalo la sukulu, atamanga zitenje za amai awo m'khosi.

Choncho mukandifunsa ngati katuni yaitali ya ku Zambia ingapange ndalama pa box office ya kuno, yankho langa ndi lakuti ayi, osati ndi maholo amene tili nawo. Ngakhale mutadzaza mipando yonse ya mu Lusaka ndi ku Copperbelt kwa mwezi wathunthu, eni maholo n'kutengapo theka lawo, zotsalazo sizingalipire zaka za ntchito ija. Njira imene yaoneka kuti imayenda ndi iwiri. Ina ndi ya Zambezia: pangani nkhani ya kuno, muiveke mawu a anthu otchuka a ku America, muigulitse kunja. Ndalama imabwera, koma mbalame za pa Zambezi zimalankhula ngati za ku California. Ina ndi ya Supa Team 4: kampani yaikulu ilipiriretu, filimu ikhale yathu m'maina ndi m'nthabwala, koma ikhale kuseri kwa chitseko chimene ambiri a ife tilibe kiyi wake. Pa ziwirizi ine ndimakonda yachiwiri, chifukwa mwina mwana amadziona yekha, ngakhale adzionere pa kope yakuba.

Njira yachitatu palibe amene waiyesa mokwanira, ndipo ndi imene mnyamata wa video show akuichita kale popanda chilolezo: kutengera filimu kumene kuli anthu, m'chilankhulo chawo, pa mtengo wa makobidi. Holo ya sukulu, nsalu yoyera, projekita ya sola, kulipira pa mobile money, mawu a Chinyanja olowetsedwa bwino ndi osewera athu amene timawaona pa Zambezi Magic. Sizingapange mamiliyoni a madola. Koma zingapange nambala, ndipo nambala ndi imene amamva aja ogamula.

Pakali pano, kwa Mphuka kumalowa mu box office kamodzi pa chaka, mu December. Ana a achemwali abwera ku holide kwa ankolo awo a ku tauni, aja ogwira ntchito ku banki amene amafuna kuti kumudzi kukamveke mbiri yawo. Ankolo avala kabudula wa Loweruka, alowetsa onse mu galimoto, agula matikiti asanu ndi popcorn ziwiri zogawana, mtima ukuwawa koma nkhope ikumwetulira. Magetsi azima mu holo. Pasanathe mphindi khumi, kamwana kakang'ono pa onse kawakoka malaya: "Ankolo, uyu azafa. Koma osadandaula, mwana wake azabwezera." Anaionera kale kumudzi, kope yakuda yojambulidwa ndi foni, ya mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Sizikuwaletsa kukhala kumapeto kwa mpando, pakamwa pali yasa, chifukwa sanadziwe kuti mkango ungakule chotere ndi kuti kubangula kwake kungamveke m'mimba. Amai a pa mzere wakutsogolo atembenuka kawiri kuwaletsa phokoso. Lolemba matikiti asanu aja adzalowa mu kompyuta, ndipo adzalembedwa kuti ndi a Lusaka.